Zomata za Elifala

Eni nyumba, mayi Nasibeko, abwera m'mawa uno
kabuku ka lendi kali kukhwapa.
Aloza pa sinki, aloza pa zenera:
"Zonyatanyatazi muchotse mwezi usanathe,
nyumba yanga simunaipeze chonchi."
Ndati chabwino mayi.

Ndagula malezala atatu pa okala ya kwa Katsekaminga,
kabotolo ka palafini, ndi viniga
amene mnyamata wa pa hadiweya anati amafewetsa.
Sanafewetse kanthu.
Wangonunkhitsa khitchini ngati chiwaya cha pa depoti.

Elifala, unali munthu womata.
Beseni likang'aluka, silikoni.
Nsapato ya mwana ikayasama, silikoni.
Malata akadontha pa msomali
unkakwera ndi kamfuti kako kaja,
kufinya, kusalaza ndi chala cha malovu,
n'kutsika ukuimba mluzu.
Ndikayamba nkhani ya ndalama za feteleza
nayonso unkaimata:
kungoti duu, n'kutuluka panja.

Ndayambira pa sinki.
Lezala lizigona chogona, likaima limakanda chitsulo,
izi ndadziwa nditakanda kale kawiri.
Kucheka m'mwamba, kucheka m'munsi,
kutola kansonga ndi chikhadabo, kukoka pang'onopang'ono.
Pena akubwera wamtali ngati matumbo a nkhuku,
pena akuduka, kusiya tizidutswa
toti upale mpaka dzanja lichite dzanzi.
Pansi pake pada bii,
madzi a zaka zinayi amene ankalowabe
ife tikuti tinatseka.

Zotsalira ndazinyowetsa ndi palafini pa kasanza,
ndadikira mpaka ketulo kuwira,
ndatikita ndi chala. Zikufumbutuka
ngati litsiro la m'khosi mwa mwana woopa madzi m'nyengo ya chisanu.
Mwandida wakhala pansi akuzitola,
wazikundika m'mbale ya pulasitiki,
akuti ndi nyongolotsi za adadi.
Sindinamuyankhe.
Lezala loyamba labuntha.
Lachiwiri landilawa chala.

Madzulo ndafika pa zenera la kuchipinda, loyang'ana kuphiri.
Chifunga chayamba kale kutsika m'mapaini.
Ili unalimata mu Juni
chaka chimene Mwandida anadwala chibayo,
usiku, ine ndikukuunikira ndi tochi ya foni.
Unapaka wambiri, wokhuthala, wosaoneka bwino,
ndipo pa ngodya ya kumanzere chala chako chilipobe,
timizere take tonse,
ngakhale kachipsera ka sipoko ya njinga.
Iwe amene unawoloka boda ndi kachikwama kamodzi
n'kunena kuti ku Tete ndi masabata atatu basi,
kalata sunalembe, koma apa unasayina.

Ndaima kaye. Ndaikapo chala changa.
Changa n'chaching'ono.
Kenako ndacheka, poti mwezi ukutha Lachinayi
ndipo mayi Nasibeko sawerenga zala, amawerenga ndalama.

Ndacheka mbali ino, ndacheka inayo.
Mphepo yalowa nthawi yomweyo,
yopyapyala ngati lezala lomweli,
n'kuzimitsa kandulo.
Nditakoka chingwe chomaliza
galasi lagwedera, n'kupendamira kwa ine.
Timisomali take tinatha ndi dzimbiri kalekale.
Zaka zonsezi, kani, linkagwiridwa ndi zomata zakozo.

Ndalilandira ndi manja awiri.
Likuzizira ngati mwala wa mu Linthipe.
Ndikalitsitsa, tigona pamtetete usiku wonse.
Ndikalisiya, liphwanyika,
lilowa m'kabuku kaja.

Mwandida waima pakhomo
akufunsa ngati abweretse mbale ya nyongolotsi.
Ndati ayi, bweretsa mpando.
Kwera. Ika dzanja apa, lina apa.
Gwiritsa, usaope, silikuluma.
Ine ndikasanthule m'katoni ya ku khonde,
mwina m'chubu cha bambo ako
munatsalako kosauma.